Koteji ya m'mbali mwa nyanja ku Nankumba: zolemba za ntchito ya magetsi, madzi, zimbudzi ndi mgwirizano ndi mudzi

Nyumbayi ili m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, kunja pang'ono kwa malire a Lake Malawi National Park. Ili ndi zipinda zinayi, imagona alendo 8, ndipo antchito okhazikika ndi atatu. Khonde lili pa mtunda wa mamita 60 kuchokera pomwe madzi ankalekezera mu 2023. Mudzi uli kuseri kwa mpanda, ndipo nyanja yomwe alendo amasambiramo ndi yomweyo anthu a m'mudzimo amatungamo, kuchapamo ndi kuphamo nsomba. Mitengo yomwe talemba ndi ya mwezi womwe tinagula chinthucho. Kwacha yasintha kwambiri m'nyengoyi, choncho muyang'ane kwambiri miyezo ndi kuchuluka kwa zipangizo kusiyana ndi ndalamazo.

Seputembala 2023: kuyeza tisanagule kanthu

Tinaika mita ya madzi pa paipi yotuluka pa thanki, ndi kope lolembamo petulo wa jenereta, gasi ndi mitolo ya nkhuni. Nyumba ikadzaza, madzi ankatha malita 1,500 patsiku. Malita 500 ankapita pa kapinga. Titatseka mipopi yonse usiku n'kuwerenganso mita m'mawa, malita 200 anali atatuluka popanda wotsegula: labala ya m'kathanki ka chimbudzi chimodzi inali itauma. Labala yatsopano K3,000. Kapinga tamusiya malo ochepa pafupi ndi khonde, kwinako tabzala khonje, nkhadze ndi udzu wa vetiva.

Pa magetsi, chilombo chinali giza, thanki yotenthetsa madzi, ya malita 150 yokhala ndi elementi ya 3 kW. Magetsi akazima, jenereta ya 5 kVA inkamwa pafupifupi malita awiri pa ola, m'nyengo yomwe petulo ankachita kumugonera pamzere. Titachotsa giza m'masamu, zotsala zinali motere: firiji ndi firiza 2.5 kWh, mafani asanu 3 kWh, mababu 0.9 kWh, pampu 1.1 kWh, makina ochapira, mafoni ndi intaneti 1.5 kWh. Zonse 9 kWh patsiku, ndipo zoposa theka zimagwiritsidwa ntchito dzuwa litalowa.

Okutobala 2023: njira ya kudoko

Mpanda womwe unamangidwa kale unatseka njira yomwe amayi ankatsikira kunyanja ndi ndowa ndi zochapa. Ankazungulira mtunda wautali, ndipo waya wa mpandawo ankadulidwa kawirikawiri. Kulemba mlonda wachiwiri sikukanathetsa nkhaniyi.

Msonkhano unachitikira kwa a Gulupu, pamaso pa komiti ya chitukuko ya mudzi ndi komiti ya asodzi, yomwe anthu amangoiti BVC. Dongosolo lake ndi lofunika: mumayamba mwauza nduna, nduna ndiyo ikaperekeze mawu kwa amfumu, ndipo tsiku amasankha ndi iwo. Tinagwirizana zinayi. Mpanda ubwerere m'kati mamita awiri kumbali ya kumpoto kuti njira itseguke. Gombe la kutsogolo kwa nyumba lisatchingidwe, koma zochapa ndi zotsuka zizichitikira kumbali ya njirayo. Mabwato azikocheza monga kale, kupatula kachigawo ka mamita 20 kosambirapo alendo. Ganyu yense aziyamba kulengezedwa m'mudzi. Mfundozi zinalembedwa m'Chichewa, mapepala atatu: kwa a Gulupu, ku BVC ndi kunyumba kuno.

Kusuntha mpanda wa mamita 45 kunadya mapolo a bulugamu 18 ophikidwa ndi mankhwala a chiswe, waya wakale yemweyo, matumba atatu a simenti ndi K60,000 ya ganyu. Chomwe sichinaganiziridwe ndi mbuzi, zomwe zinayamba kulowera pangodya yatsopano n'kudya mbande. Mizere iwiri ya nsungwi zong'amba m'munsi mwa waya inaziletsa.

Novembala mpaka Disembala 2023: sola

Kotesheni ya K7.8 miliyoni inafa pa 9 Novembala, tsiku lomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ogulitsa anatseka mabuku kwa masiku angapo, ndipo katundu yemweyo tinamugula K11.5 miliyoni: mapanelo 8 a 450 W, inveta (yosandutsa magetsi a DC a m'mapanelo ndi m'mabatire kukhala a AC ogwiritsa ntchito m'nyumba) ya 5 kVA ya 48 V, mabatire awiri a lithium a 5.12 kWh lililonse, waya wa DC wa 6 mm², mafyuzi ndi zotchinjiriza ku mphenzi mbali ya DC ndi ya AC.

Mapanelo ayang'ana kumpoto, opendekeka madigiri 15. Kuno tili pafupi ndi madigiri 14 kummwera kwa equator, ndipo kupendekeka kumeneko kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Denga la nyumba ndi laudzu, ndiye mapanelo ali pa shedi yamalata ya galimoto. Waya wa DC pafupi ndi udzu wouma ayi.

Vuto loyamba linali kutentha. Inveta inaikidwa m'kasitolo kopanda zenera, ndipo cha m'ma 1 koloko masana inkalira alamu n'kuzima. Themometa inkaonetsa madigiri 44 m'katimo. Tinaboola mabowo awiri a masentimita 30 mbali zonse, lina m'munsi mwa khoma la kummwera, lina pamwamba pa khoma loyang'anizana nalo, n'kuika siling'i ya mphasa pansi pa malata. Kutentha kunatsikira pa 35. Mabowowo anabweretsa vuto lachiwiri: buluzi analowa pa fani ya inveta n'kupsera pa bolodi. Mwamwayi inapsa ndi fyuzi yokha. Tsopano bowo lililonse lili ndi sefa yachitsulo ya udzudzu, ndipo molowera mawaya mwamatidwa ndi silikoni.

Chachitatu ndi ethi, ndodo ndi waya zolowetsa m'nthaka mphamvu ya mphenzi kapena magetsi osokera. Ndodo imodzi ya kopa yokhomedwa mu mchenga wouma siigwira kanthu. Wamagetsi atayeza, nambala inali pamwamba kwambiri, pomwe imafunika kukhala yotsika. Tinakhoma ndodo zitatu za mamita 1.8, motalikirana mamita atatu, kuseri kwa khitchini komwe dothi ndi lakuda ndi lonyowa, n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa wa 16 mm². Mphenzi za m'Januwale kunyanja si zocheza nazo, ndalama ya ndodozi musaiumire.

Mlonda anaphunzitsidwa kuwerenga peresenti ya batire 6 koloko madzulo ndi 5 koloko m'mawa n'kulemba m'kope. Ikakhala pansi pa 70 madzulo, makina ochapira sayatsidwa mawa lake mpaka 11 koloko. Mapanelo amatsukidwa kawiri pasabata m'chilimwe, m'mamawa galasi lisanatenthe, ndi madzi okha ndi kansanza.

Januwale 2024: madzi otentha

Giza yamagetsi inachoka, m'malo mwake giza ziwiri za dzuwa za machubu agalasi, malita 150 iliyonse, K1.4 miliyoni zonse pamodzi ndi kumangira. Machubu anayi anasweka sabata yoyamba. Thanki inatha madzi m'mawa, machubu n'kukhala padzuwa opanda kanthu, ndiye madzi ozizira atalowa masana galasi linathetheka. Lamulo lake: giza ikauma, tsekani vavu, mudzaze usiku kapena mbandakucha. Machubu awiri ena anaswa ndi apusi, omwe amadumphira pamenepo kuchokera mu mtengo wa mango. Tinadulira nthambi ndi kuika felemu ya waya wa nkhuku masentimita 15 pamwamba pa machubu. Gulirani machubu apadera tsiku lomwelo, chifukwa kukula kwake kumasiyana ndipo ku Mangochi simuwapeza msanga. Madzi amatentha mpaka kuwotcha khungu, choncho potulukira pali vavu yosakaniza yoikidwa pa madigiri 50.

Febuluwale mpaka Malichi 2024: madzi a m'nyanja ndi likodzo

Madzi a m'mphepete, makamaka m'mabango ndi m'malo osaya, ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take timalowera pakhungu, ndiye shawa ya madzi ongopopedwa kumene ingathe kumpatsa mlendo matenda ngakhale asanaponde m'nyanja. Tizilomboti tikachoka m'nkhono sitikhala moyo kupitirira masiku awiri, ndipo klorini amatipha. Tinasankha kuchita zonse ziwiri: madzi agone maola 48, komanso athiridwe klorini.

Paipi yokokera ndi yakuda ya HDPE, 40 mm, yolowa m'nyanja mamita 50 mpaka pakuya mamita atatu. Futivavu, vavu ya kumapeto kwa paipi yoletsa madzi kubwerera m'nyanja, yamangidwa pa tayala lodzaza konkire, itakwezedwa theka la mita kuti isamayamwe mchenga. Pampu ya 0.75 kW ili pa taimala, imayaka 10 koloko mpaka 2 koloko, nthawi yomwe mapanelo ali ndi mphamvu yotsala. Mathanki ndi awiri a malita 5,000, K900,000 iliyonse. Ina ikamagwira ntchito, inzake imakhala yodzaza, yotseka, ikugona. Pa vavu iliyonse pali kathabwa kolembapo ndi choko tsiku ndi ola lomwe thankiyo inadzazidwa. Thanki yodzaza imalemera matani asanu, ndiye nsanja yake si ya mapolo: ndi ya zitsulo zowotcherera pa maziko a konkire, yotalika mamita 6, zomwe zimapereka mphamvu yokwanira shawa popanda pampu ina.

Muyezo wa klorini wa ufa wa HTH ndi magalamu 11 pa malita 5,000. Amasungunulidwa m'ndowa, n'kusiyidwa kuti zoyera zikhazikike pansi, kenako madzi a pamwamba okha ndiwo amathiridwa m'thanki pomwe ikudzaza. Pampopi tiyenera kupeza klorini wotsala pakati pa 0.2 ndi 0.5 mg pa lita, ndipo timayeza ndi kachipangizo ka mapiritsi komwe amayezera madamu osambira. M'Febuluwale mitsinje ikasefukira madzi amachita matope, klorini amathera m'matopemo, muyezo n'kuonetsa ziro. Nthawi imeneyo timakweza kufika magalamu 15 ndi kuyezanso. Supuni inkasokoneza, wina yodzaza, wina yosadzaza. Tsopano timayezeratu pa sikelo n'kusunga m'timabotolo totseka bwino, kamodzi pa thanki imodzi.

Masefa a 20 ndi 5 maikuloni (kukula kwa timabowo take) ankatsekeka sabata iliyonse m'dzinja, imodzi K8,000. Tinakweza potulukira madzi masentimita 15 kuchokera pansi pa thanki ndi kuika vavu yotayira matope pansi penipeni. Sefa tsopano imatha mwezi ndi theka. Madzi akumwa amadutsanso m'sefa ya dothi ya makandulo, n'kuikidwa m'mabotolo agalasi m'zipinda. Madzi a m'mabotolo apulasitiki tinasiya kugula.

Epulo 2024: nyanja yakwera

Mu 2024 madzi a nyanja anadutsa mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, mulingo womwe unali usanaoneke kwa zaka zambiri, ndipo malo ogona alendo ochuluka ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota analowa madzi. Kwa ife gombe linachepa ndi mamita 25. Nyumba sinakhudzidwe, koma dzenje lomwetsa madzi a m'zimbudzi, lomwe linakumbidwa kumunsi kwa nyumba, linamira. Zimbudzi zinayamba kubwerera, fungo linamveka pagombe, ndipo pomwe madzi akudawo ankatulukira ndi pafupi ndi njira ija amayi amatungira. Tinatseka nyumba, kubweza ndalama za alendo, ndi kudziwitsa a BVC ndi mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo kuti anthu atunge kumtunda kwa njira. Kolera yemwe anavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023 anali asanaiwalike kuno.

Chenjezo kwa onse a m'mbali mwa nyanja: madzi a pansi akakwera, musapope septiki thanki mpaka kuuma. Thanki yopanda kanthu imayandama ngati bwato, imadzuka n'kuthyola mapaipi. Siyani theka kapena dzazaninso ndi madzi.

Meyi mpaka Julayi 2024: septiki yatsopano ndi dimba losefa

Iyi ndiyo ntchito yaikulu pa zonse, ndipo ikanayenera kukhala patsogolo pa sola. Mlendo amaona mapanelo n'kuyamikira, koma chomwe chimafika m'ndowa ya munthu wa m'mudzi ndi chotuluka m'chimbudzi.

Zonse zasamukira kuseri kwa nyumba, mamita 95 kuchokera pomwe madzi anafika mu Epulo. Masamu ndi a anthu 11, malita 120 aliyense, kutanthauza malita 1,320 patsiku. Septiki thanki ndi ya malita 4,500, zipinda ziwiri, choyamba chotenga magawo awiri mwa atatu. M'kati ndi mamita 3 m'litali, 1.2 m'lifupi, madzi akuya 1.25. Polowera ndi potulukira pali majoini a paipi ooneka ngati T a 110 mm, potulukira potsika masentimita 7.5 kuposa polowera. Popanda T mafuta ndi zoyandama zimadutsa n'kukatseka kutsogolo. Yamangidwa ndi mabuloko a simenti odzazidwa konkire, pulasitala wa simenti gawo limodzi pa magawo atatu a mchenga wothira mankhwala oletsa kudontha. Isanakwiriridwe tinaidzaza madzi n'kulemba mzere. M'mawa madzi anali atatsika masentimita anayi, kudontha kunali pomwe paipi yaboola khoma. Pamenepo simenti siigwira pulasitiki yosalala. Paipi imayenera kupakidwa guluu wa PVC n'kuwazidwa mchenga, ikauma ndiye kuimangira.

Popeza malo atsopanowa ndi okwera pang'ono, zimbudzi ziwiri za kutsogolo zinafunika paipi yatsopano yotsetsereka sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse, zomwe zinachititsa kuti thanki ikumbidwe mozama ndi mita imodzi kuposa pulani. Madzi otuluka m'thanki amagwera m'kadzenje ka malita 500, momwe kapampu ka 0.37 kW kokhala ndi floti, swichi yoyandama yokayatsa madzi akakwera, kamawakwezera ku dimba losefa.

Dimbalo ndi dzenje la mamita 11 m'litali, 3 m'lifupi, lakuya 0.6, mamita atatu a sikweya pa munthu. Pansi tayala mchenga, kenako pepala lakuda la HDPE la 1 mm, kenako miyala. Theka la mita polowera ndi potulukira ndi miyala ikuluikulu ya 50 mpaka 80 mm, pakati ponse kwale wa 10 mpaka 20 mm, pafupifupi matani 30. Madzi amayenda pansi pa miyala, masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pamwamba, osaonekera, ndiye palibe fungo kapena udzudzu. Mulingowo umasungidwa ndi chigongono cha paipi potulukira, chomwe chimapendeketsedwa kukweza kapena kutsitsa madzi. Tabzala bango mbali yolowera ndi vetiva kumapeto, mapesi anayi pa mita ya sikweya.

Patatha milungu itatu madzi anayamba kuyenda pamwamba pa miyala chakumayambiriro. Titafukula, pakati pa miyala panali phala lotuwa. Kwale anabwera ndi fumbi la pa chigayo cha miyala, ndipo fumbilo litanyowa linamata mipata yonse. Mamita atatu oyamba anafukulidwa, kusefedwa pa waya ndi kutsukidwa wilibala imodziimodzi, ganyu ya anthu asanu ndi mmodzi, K180,000. Kwale azitsukidwa asanalowe m'dzenje, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi woyera. Chinanso, mafuta a kukhitchini. Tinamanga kabokosi kotchera mafuta ka malita 120 kuseri kwa sinki, ndipo wophika amawawula Loweruka lililonse.

Madzi otuluka kumapeto ndi oyera m'maso koma si akumwa kapena kuthirira ndiwo zamasamba. Amapita m'maenje atatu ozunguliridwa ndi nthochi, ndi pa mzere wa mitengo ya nkhuni. Madzi a m'shawa ndi ochapira salowa m'septiki, ali ndi maenje awoawo a nthochi, mita imodzi kuya, mamita awiri kukamwa, odzaza masamba ndi zinyatsi. Jiki ndi mankhwala amphamvu otsukira zimbudzi tinasiya, chifukwa amapha tizilombo togaya zonyansa m'thanki.

Mtengo: simenti matumba 46 pa K21,000, mabuloko 420, zitsulo za Y10 ndi waya, kwale ndi mayendedwe ake K1.9 miliyoni, pepala K850,000, mapaipi ndi kapampu K1.1 miliyoni, amisiri ndi aganyu K1.3 miliyoni. Zonse zinafika K6.9 miliyoni. Mchenga unagulidwa kumtunda. Wa pagombe ndi waulere, koma mukauchotsa mafunde amadya gombe lanu ndi la anzanu.

Juni 2024: mwera

Mwera utayamba, mafunde anakoka paipi ya m'nyanja n'kumasula joini imodzi. Pampu inkalira koma osakoka madzi, chifukwa inkayamwa mpweya. Tinachotsa majoini onse a m'madzi n'kuika paipi imodzi yosadula, yomangidwa pa matayala a konkire mamita asanu alionse. Asodzi awiri odziwa kumira ndiwo anaika, ndipo ndi omwe amayendera futivavu mwezi uliwonse. Paipiyo yaikidwa chizindikiro cha zigubu ziwiri kuti makoka asamakodwepo.

Ogasiti 2024: mpopi wa mudzi

Mpopi unaikidwa kunja kwa mpanda, pa njira ija, wotsegulidwa 6 mpaka 8 koloko m'mawa ndi 3 mpaka 5 koloko madzulo. Madzi otuluka anafika malita 2,000 patsiku, ndipo dongosolo la maola 48 linasokonekera: thanki imodzi inkatha inzake isanagone mokwanira. Yankho linali thanki yachitatu ndi kuwonjezera ola limodzi pa taimala. Mpopi wamba unkathyoka chogwirira mwezi uliwonse, tinaika vavu ya mpira ya 20 mm, yomwe pulamba wa pamsika amakhala nayo. Makiyi amasunga amayi awiri osankhidwa ndi mudzi. Pansi pali konkire ndi ngalande yopita ku nthochi.

Okutobala 2024: nkhuni, makala ndi njerwa

Alendo amaphikiridwa pa gasi, silinda ya makilogalamu 19 imatha milungu itatu nyumba ikamadzaza. Antchito amaphika pa chitetezo mbaula ziwiri, zogulidwa kwa gulu la amayi oumba. Makala sitigula. Lamulo la nkhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 limalanga kwambiri makala opanda chiphaso, ndipo mapiri a kuno aonekera kale miyala. Nyama ndi nsomba zimaotchedwa pa nkhuni zodulira m'kamunda ka keshya ndi mtangatanga ka mitengo 300, yobzalidwa motalikirana mamita awiri. Mbande zobzala m'Disembala zinagwira, za m'Febuluwale theka zinauma kapena kudyedwa ndi chiswe.

Nyumba ya mlonda yamangidwa ndi njerwa zosaotcha zosakaniza simenti. Dothi la kunyanja ndi mchenga wokhawokha, njerwa zoyamba zinkanyenyeka m'manja. Mawilibala atatu a dothi la kuno, imodzi ya dothi lofiira la kumtunda, ndi simenti gawo limodzi pa magawo 14, zinagwira. Zimafundikidwa pepala ndi kuthiriridwa milungu iwiri.

Novembala 2024: nsomba ndi ndiwo

Nsomba timagula padoko pomwepa, ndalama pamanja kapena pafoni tsiku lomwelo. Pa thabwa la kukhitchini pajambulidwa mzere wa masentimita 15, womwe ndi muyezo wa lamulo wa chambo, ndipo yosafika pamzere siigulidwa. Kuyambira pa 1 Novembala, nyengo yotseka nyanja kuti chambo chiswane, chambo chimachoka pa menyu ngakhale wina abwere nacho usiku pamtengo wotsika. Alendo ambiri amabwerera chambo, ndiye timawauziratu pobukitsa, ndipo wophika amakonza kampango, usipa wofutsa ndi nkhuku zachikuda. Nsomba zophedwa ndi masikito sitilandira nyengo iliyonse.

Ndiwo zamasamba zinavuta mwanjira ina. Titalengeza kuti tizigula m'mudzi, alimi onse anabzala tomato ndi mpiru nthawi imodzi, zonse n'kupsa sabata imodzi, ambiri n'kubwerera nazo okhumudwa. Pano pali ndandanda: alimi asanu ndi mmodzi, aliyense mbewu zake ziwiri, kufesa kabedi kamodzi milungu iwiri iliyonse. Mbewu ya letesi, kaloti ndi tsabola wobiriwira timapereka, n'kudula pa malipiro oyamba. Oda imatumizidwa Lachitatu malinga ndi alendo obwera. Letesi m'Okutobala ndi Novembala amangothamangira maluwa, musalimbane naye.

Januwale 2025: zinyalala

Migolo ndi inayi: zowola, mabotolo, zitini ndi pulasitiki. Mabotolo a zakumwa amabwerera kwa wogulitsa, zitini amatenga ogula zitsulo. Majumbo opyapyala osafika maikuloni 60 ndi oletsedwa m'dziko muno, ndipo kumsika timapita ndi madengu ndi zikwama za mulaza zolukidwa m'mudzi. Pulasitiki yotsala imatsukidwa, kupsinjidwa m'matumba n'kupita kutauni pa galimoto yokagula katundu. Iyi ndi mbali yomwe sinathe bwino, chifukwa ogula amafuna mabotolo ndi zigubu zokha.

Nkhuti ya manyowa yosavindikira inakhala chodyera cha anyani ochokera m'phiri, omwe atazolowera anayamba kulowa m'khitchini. Tinamanga zipinda zitatu za mabuloko, mita imodzi mbali zonse, zokhala ndi zivindikiro za waya wolimba ndi loko, chifukwa anyani amatsegula shatala. Ndowa imodzi ya zotsala kukhitchini, ndowa ziwiri za masamba ouma pamwamba, kutembenuza milungu iwiri iliyonse. Za nsomba zimakwiriridwa pakati pa mulu.

Malichi 2025: thumba la mudzi ndi antchito

Pa mlendo aliyense usiku uliwonse, K2,000 imalowa m'thumba la mudzi. Poyamba ndalama inkaperekedwa pamanja kwa munthu mmodzi, ndipo manong'onong'o anabuka ngakhale panalibe umboni woti yasowa. Tsopano pali akaunti ya osayinira atatu, mmodzi wa komiti ya chitukuko, mmodzi wa komiti ya mjigo, mmodzi wa komiti ya sukulu, awiri mwa iwo amayi. Zolowa ndi zotuluka zimalembedwa pa bolodi pafupi ndi mpopi kutha kwa mwezi. Chochita ndi ndalama amasankha ndi mudzi. Ife tinkaganiza za mabuku, iwo anasankha mjigo wa Afridev womwe unafa kalekale. Makaniki wa mijigo wa m'derali anasintha malabala a pulanja, bobini, mabushi ndi ndodo ziwiri, K240,000 pamodzi ndi ntchito. Mjigo utayamba, mzere pa mpopi wathu unachepa ndi theka.

M'zipinda muli kapepala kopempha alendo kuti asamagawire ana maswiti kapena ndalama pagombe, chifukwa ana amajomba kusukulu kudikirira alendo, ndiponso kuti asajambule munthu osapempha. Zopereka za sukulu zimadzera kwa aphunzitsi aakulu. Maulendo a pa boti okaona nsomba za mbuna ndi nkhwazi amaperekedwa mosinthana kwa eni maboti anayi omwe ali ndi majekete oyandamitsa, ndipo mlendo amalipira yekha kwa mwini boti, komanso chiphaso cha paki.

Antchito atatu ali ndi makontirakiti olembedwa ndi penshoni, 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 ya wantchito monga lamulo linenera. Januwale mpaka Malichi alendo amachepa, koma malipiro sadulidwa. Miyezi imeneyo ndi ya tchuthi, kupenta, kubzala ndi kukonza.

Juni 2025: pomwe tafika ndi zotsala

Jenereta imalizidwa mphindi 15 pamwezi kuti isachite dzimbiri, ndipo inagwira ntchito yeniyeni m'masiku a mitambo a m'Febuluwale okha. Madzi a m'nyumba ali pa malita 950 patsiku ikadzaza. Bango m'dimba losefa lapitirira mamita awiri, lidulidwa mu Julayi masentimita 30 pamwamba pa miyala, ndipo oluka mphasa alipempha kale. Matope a m'septiki, poyeza ndi ndodo yokulunga chiguduli choyera, afika masentimita 25. Tidzapopa akafika pa 40, ndipo galimoto yopopa iyenera kubukitsidwa msanga chifukwa imachokera kutali.

Floti ya kapampu ka ku dimba inakakamira kawiri chifukwa cha mafuta omata pa chingwe, kadzenje n'kusefukira. Yalowa pa ndandanda ya Loweruka, ndipo tikuika floti yachiwiri pamwamba pake yoyatsa babu lofiira pakhomo la mlonda. Zatsala ndi magatala a pa shedi yamalata olowetsa madzi a mvula m'thanki yachitatu, kufolera mbali ya kummwera ya denga ndi mitolo 600 ya udzu yomwe taitanitsa kwa amayi a kumtunda kuti ifike mu Ogasiti, ndi kupititsa madzi a pa mpopi wa mudzi ndi otuluka m'dimba ku labotale mvula isanayambe.